Kapu ya a Chindevu

Madamu a masamu ankachidziwa Chingerezi cha m'mabuku, chija chimakhala phee papepala n'kumakudikira. Akachiwerenga ankamva zonse, akachilemba ankachedwa koma ankafika. Mdani wawo anali Chingerezi cha pakamwa. Munthu akangowayang'ana m'maso n'kuwafunsa kanthu m'chilankhulocho, mawu onse ankabalalika, lilime n'kulemera ngati lobwereka. M'kalasi sankavutika, poti manambala safuna zolankhula zambiri, ndipo pakavuta ankangotembenukira ku chilankhulo cha makolo, ana n'kumva bwino kuposa poyamba.

Amuna awo anali munthu wina. Mumsewu monse ankawatcha a Wailesi, ndipo dzinalo silinabwere mwangozi. Ankalankhula podzuka, ankalankhula pometa ndevu, ankayankha funso lisanathe. Chingerezi ankachilankhula molimba mtima ngati anabadwa nacho, ngakhale theka la mawuwo ankalipanga okha pomwepo. Ntchito yawo inali yokonza mafiriji, koma mtima wawo wonse unali ku kwaya imene ankaiphunzitsa akaweruka.

Kwayayo ndi imene inabweretsa nkhani yonseyi. Oimba ake ankawerenga nyimbo m'zilembo za do, re, mi, monga makwaya ambiri a m'tauniyo. Nyimbo iliyonse a Wailesi ankaikopera pamanja, ndipo kalembedwe kawo kanali koti a soprano ankatha kuimba za a tenala osadziwa. Pulogalamu yolembera nyimbo pakompyuta inalipo, yaulere, koma inkangodziwa timadontho takuda tokhala pamizere isanu ngati mbalame pamawaya a magetsi. M'kwaya yonse munalibe wotha kutiwerenga.

Koma pulogalamuyo inali ya mtundu uja wosakhoma chitseko. Aliyense ankaloledwa kusuzumira khodi yake, kutanthauza mizere ya malamulo imene kompyuta imatsatira, n'kuikonza, kenako kupereka zokonzazo kwa oisamalira, amene anali anthu ongodzipereka omwazikana m'mayiko osiyanasiyana. Madamu anaphunzirako zolemba mapulogalamu ali kukoleji. Patchuthi china anakhala nayo pansi n'kuisokera chigamba: ukadina batani limodzi, timadontho tija tinkasanduka do, re, mi, gulu lililonse la oimba mzere wake. A Wailesi atasindikiza pepala loyamba anayenda nalo msewu wonse, mpaka wometa tsitsi wa pakona analiona, ngakhale iye saimba.

Mbiri inawanda. Ophunzitsa makwaya ena anayamba kubwera ndi malaputopu awo Loweruka m'mawa, kukhala pamzere pakhonde kuti Madamu awaikire chigambacho. Vuto linali lakuti eni pulogalamu akangoisintha pang'ono, chigamba chinkang'ambika, mzere wa pakhonde n'kuyambiranso. Kenako kunamveka kuti kukubwera pulogalamu yatsopano, yosinthidwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo chigamba chimene sichilowa eni ake asanatseke kulandira zokonza chidzatsala kunja. Madamu anadzionera okha kuti pa yatsopanoyo chigamba chawo sichidzagwiranso. Njira inali imodzi yokha, yoti eni ake achilandire chikhale mbali ya pulogalamuyo. Apo ayi, makwaya onse aja abwerere ku cholembera.

Anachitumiza, pamodzi ndi mawu ochepa amene anawapukuta kambirimbiri. Yankho linabwera lokoma: ntchito ndi yabwino, koma ndi yaikulu, ndipo zazikulu timakambirana pamsonkhano wathu wa pavidiyo. Bwerani mudzatifotokozere ndi pakamwa panu.

"Pakamwa panga!" anatero Madamu atagwira tsaya. "Anthuwa akufuna kundipha ine."

"Musadandaule, mayi," anatero a Wailesi. "Ndikakulankhulirani ndine. Inu mukangokhala pambali n'kumagwedeza mutu."

"Inu bambo mukayamba, pulogalamuyo idzatuluka musanamalize moni."

"Nanga si ulemu umenewo?"

"Akakufunsani za khodi muyankha chiyani? Za firiji?"

Choncho anakonzekera okha. Ankaloweza mawu posita, ankawanong'ona m'basi popita kuntchito mpaka wokhala naye pampando kumawayang'ana cham'mbali. Anayesa kuyeserera pamaso pa amuna awo, koma sizinatheke, chifukwa chiganizo chilichonse chikafika pakati a Wailesi ankachilanda n'kuchimaliza okha, nthawi zambiri molakwika.

Loweruka la msonkhano, masana, Madamu anaika laputopu pathebulo lodyera, pamwamba pa mabuku a masamu kuti kamera isawajambule m'mphuno. Anachotsa zovala zimene zinali pampando wa kumbuyo, anavala bulauzi yawo ya pamisonkhano ya makolo, n'kuthamangitsira amuna awo kukhitchini. A Wailesi anapita, koma khutu analisiya pachitseko.

Pagalasi la laputopu panatuluka timabokosi, m'kabokosi kalikonse muli nkhope. Mayina analembedwa pansi pake, koma ndi mantha aja Madamu sanawerenge ngakhale limodzi, anangowapatsa awoawo. Woyendetsa msonkhano anali bambo wa ndevu zofika pachifuwa, ameneyo anakhala a Chindevu. Panali mayi wina amene mphaka wake ankangodutsadutsa pakamera, ameneyo mayi wa mphaka. Pakona panali mkulu wa magalasi amene sankaoneka ngati munthu wolankhula. Ena onse anangokhala khamu.

A Chindevu analonjera onse, n'kunena kuti lero kuli mlendo, ndipo si bwino kumudikiritsa mlendo mpaka kumapeto, ayambe ndi iyeyo. Anachita zimenezo mwaulemu, tisawanamizire. Koma Madamu ankayembekezera kuti aona kaye mmene anzawo akuchitira.

Anayamba. Chiganizo choyamba chinatuluka bwino, chachiwiri chinapunthwa, chachitatu chinasowa mchira. Mawu amene analoweza m'basi anatsala m'basi momwemo. Anapitiriza ndi otsalawo, akuthandizira ndi manja. Anaonetsa pepala la do, re, mi pakamera mozondoka, n'kulitembenuza, thukuta lili kamukamu. Anamaliza ndi kupepesa chifukwa cha Chingerezi chawo, n'kukhala chete.

Sipanamveke liwu. A Chindevu anatambasula dzanja, ananyamula kapu yaikulu yabuluu, n'kuyamba kumwa. Ankamwa pang'onopang'ono, maso ali pamwamba pa kapuyo. Mayi wa mphaka ankayang'ana pansi. Mkulu wa magalasi milomo inkagwedera, koma osatulutsa mawu. Madamu anaganiza kuti mwina netiweki yaima, koma mphaka uja anadutsa mchira uli m'mwamba. Netiweki inali bwinobwino. Anthu ndi amene anali chete, ndipo a Chindevu ankamwabe.

Madamu anaphunzitsa zaka zambiri, ankati amamudziwa bwino chete wa mtundu umenewo. Ndi uja amagwa m'kalasi mwana akayankha zopanda mutu, anzake n'kumaluma milomo kuti asaseke. Manyazi anawagwira thupi lonse. Anatseka laputopu kuti phaa, n'kupita kukhitchini kumene anayamba kutsuka mbale zotsuka kale.

"Zatha kale?" anafunsa a Wailesi, akunamizira kuti amaona mawaya a kuseri kwa firiji.

"Zatha."

"Ati chiyani?"

"Sanati kanthu. Amamwa tiyi."

"Tiyi?"

"Tiyi, bambo. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kundimwera tiyi m'maso ngati palibe amene walankhula. Ine sindibwererakonso kumeneko. Kaguleni zolembera, muyambirenso kukopera."

Misozi inagwera m'madzi otsukira mbale. Sichinali chigamba chokha chimene chinkawapweteka. Analimba mtima kamodzi m'moyo wawo, ndipo anaona ngati adziyalutsa pamaso pa dziko lonse.

A Wailesi anapsa mtima. Anakalipira a Chindevu kukhitchini, anawakalipira pabalaza, anawakalipira akutsuka mano, ndipo a Chindevu ali kutsidya kwa nyanja sanamve chilichonse. Koma misonkhano ya anthu amenewa imajambulidwa n'kuikidwa poyera kuti amene anajomba adzaonere. Mawa lake masana a Wailesi anaipeza kanemayo, ati akufuna amuone ndi maso awo amene anaseka mkazi wawo, amulembere mawu oti sadzawaiwala. Madamu anakana kuonera. Anangoima kumbuyo kwa mpando, nsalu yopukutira mbale ili paphewa.

Anadziona akulankhula, akuzondotsa pepala, akupepesa. Anaona kapu ikukwera. Kenako kabokosi kawo kanada bii, koma palibe amene anaona, ndipo kapu inali ikadali pakamwa. Patapita kanthawi a Chindevu anaitsitsa pathebulo, ndipo nthawi yomweyo manja anakwera m'timabokosi tingapo.

Woyamba kulankhula anali mayi wa mphaka. Chingerezi chake chinali choyenda mosamala, mawu amodziamodzi, ndipo Madamu anadabwa kuti akumva chilichonse. Mayiyo anathokoza mlendo, anati ntchitoyo waiwerenga ndipo waikonda, ali ndi funso limodzi lokha. Kenako anayandikira kamera.

"Koma ali kuti?"

Anthu anayamba kusuzumira m'magalasi a makompyuta awo. Wina anati mwina magetsi azima. Anadikira. Ndiye mayi wa mphaka anagwira pakamwa.

"Alipo amene anamuuza za kapu?"

Panalibe. Chete amene anatsatira pamenepo ndiye anali wa manyazi enieni. A Chindevu anagwira mutu ndi manja onse awiri. Atauweramutsa anayang'ana mu kamera n'kulankhula pang'onopang'ono, ngati akudziwa kuti kwinakwake kuli mayi wa nsalu paphewa.

"Mayi, ngati mudzaonere kanemayi, pepani kwambiri. Cholakwa ndi chathu. Ine Chingerezi ndinabadwa nacho, ndipo pakamwa panga pamathamanga. Kale pamisonkhano ino ankapambana ndi wa lilime lopepuka. Anzathu ambiri muno amayamba amva, n'kumasulira mumtima, n'kukonza yankho, n'kulimasuliranso. Akamati atsegule pakamwa, ife tinali titapita kale pankhani ina. Anayamba kuchoka mmodzimmodzi, anthu aluso, osatsanzika. Ndiye tinapangana kuti munthu akamaliza kulankhula, woyendetsa msonkhano anyamule kapu, ndipo palibe wolankhula mpaka kapuyo itatsika. Tinazolowera kwambiri moti tinaiwala kuti mlendo sangazidziwe. Tinakuikani koyamba pofuna kukulemekezani, ndiye simunaone kapu ikukwerera munthu wina."

Kenako anapendeketsa kapuyo pakamera. Munalibe kanthu.

"Tiyi amatha tisanayambe n'komwe," anatero. "Ndimangomwa mphepo. Tikumananso Loweruka likubwerali chifukwa cha inu, tisanatseke. Chonde bwerani."

Madamu anayamba ndi kupukusa mutu, kenako phwete linawatuluka. Anaseka mpaka kukhala pansi, atatsamira mwendo wa thebulo, akupukuta misozi ndi nsalu ya mbale.

"Ndalira tsiku lonse chifukwa cha kapu yopanda kanthu!"

"Safunsa anadya phula, mayi," anatero a Wailesi, amene dzulo lomwelo ankafuna kumenyana ndi ndevu za eni ake.

"Ndikanafunsa ndani? Mphaka?"

Anaonera mpaka kumapeto. Kapu inkakwera aliyense akamaliza, wa Chingerezi chothamanga ndi wa chotsimphina yemwe. A Wailesi ankayang'ana ngati akuona zamatsenga.

"Ndiye kuti munthu ali ndi mawu m'kamwa, koma akungokhala chete? Dala?"

"Dala, bambo. Padziko pano pali anthu otero."

Loweruka linalo a Wailesi analoledwa kukhala pambali, pamene kamera siifika, atalumbira kuti satsokomola n'komwe. Madamu anadzithirira tiyi wotentha n'kumuika pafupi ndi laputopu. Nthawi ino anawerenga mayina a pansi pa timabokosi, koma mumtima a Chindevu anakhalabe a Chindevu.

Msonkhano unayamba ndi kapu yabuluu itakwezedwa kuti aliyense aione, ndi kupepesa kwina kumene Madamu anakudula ndi dzanja akuseka. A Chindevu anawauza kuti akhoza kulankhula, kapena kulemba m'kabokosi ka mauthenga, kapena kusakaniza, mmene angafunire. Madamu anasankha kulankhula. Sanalowezenso kanthu. Anafotokoza za mzere wa pakhonde, za oimba amene sanaonepo timadontho tija koma ukawapatsa do, re, mi amaimba nyimbo yatsopano tsiku lomwelo. Mawu akasowa ankaima n'kuwafunafuna, ndipo palibe amene anathamangira kuwamalizira. Pomaliza sanapepese.

Kapu inakwera. Pambali pawo a Wailesi anayamba kufufuma. Masaya anatupa, mwendo unkanjenjemera pansi pa thebulo, chala chinali chitadzuka kale. Madamu, osachotsa maso pakamera, anakankhira kapu yawo ya tiyi kwa amuna awo. A Wailesi anainyamula n'kumwa. Tiyiyo anali wotentha kwambiri, maso anafiira, koma lumbiro ndi lumbiro.

Kapu yabuluu itatsika, mayi wa mphaka anafunsa funso lake lija limene linadikira sabata yonse. Silinali lachibwana. Nyimbo zina zimasintha makwerero pakati, ndipo pamenepo do amasamuka n'kukakhala pena. Kodi chigambacho chimatani zikatero? Mawu a Madamu anayamba kubalalika monga mwa masiku onse. Koma a Chindevu anali atanyamula kale kapu.

Apa ndi pamene Madamu anamvetsa bwinobwino. Chete ameneyu anali wawo. Nkhope zonse zija zinkawadikira iwo, popanda wowonera wotchi. Analimva funsolo kachiwiri mumtima, m'chilankhulo chawo. Yankho analidziwa, chifukwa vuto lomwelo linawavutitsa patchuthi paja. Analikonza bwinobwino, analiveka Chingerezi chimene anali nacho, ndipo kapu itatsika analipereka lathunthu. Anavomeranso kuti pali malo amodzi pamene do akasamuka kawiri motsatizana zilembo zimapanikizana. Mayi wa mphaka anati ameneyo ndi matenda aang'ono, awathandiza kuchiza mawa lomwe.

Kenako mkulu wa magalasi anakweza dzanja, ndipo timabokosi tonse tinaoneka kudabwa. Chingerezi chake chinali chovutikira kuposa cha Madamu. Ankanyamula liwu lililonse ngati thumba la simenti, n'kupuma, n'kunyamula lina. Anati wakhala m'gululi zaka zambiri akukonza khodi mwakachetechete. Anati kwawonso okalamba amaimba ndi do, re, mi, ndipo mayi ake anali mmodzi wa iwo. Sabata yatha anakonza mawu oti athokoze mlendo, koma pamene kapu inkatsika mlendoyo anali atapita. Ndiye anayesa chigambacho pa nyimbo imene mayi akewo ankaikonda. Anakweza pepala pakamera, lolunjika bwino, mizere inayi ya zilembo. Anayesa kunena kanthu kena, mawu anamuthera, ndipo m'malo mwake anayamba kuimba mzere wa pamwamba ndi liwu lonjenjemera.

Pamenepo lumbiro la a Wailesi linatha mphamvu. Anaika kapu pansi, anasuzumira pepala la pagalasi, n'kulowa ndi besi. Nyimboyo anali asanaimvepo chibadwire, koma zilembo zinali pomwepo. Anthu a m'timabokosi anangoona phewa ndi khutu la munthu zikulowa m'kabokosi ka Madamu. Chifukwa cha kuchedwa kwa netiweki, besi inkafika mochedwa pang'ono, mkulu uja akaidikira iyo n'kukhala itadutsa, moti nyimboyo inayenda mokokana mpaka kumapeto. Mphaka anathawa. Anthu anaseka, ena anaomba m'manja, mkulu wa magalasi anavula magalasiwo n'kumawapukuta nthawi yaitali.

"Amenewa ndi amuna anga," anatero Madamu m'Chingerezi, osachita kuganiza. "Analonjeza kukhala chete."

A Chindevu atatha kuseka anafunsa ngati alipo wotsutsa kuti chigambacho chilowe. Ananyamula kapu, ndipo ulendo uno anaikhalitsa kuposa kale, kuti ngakhale wotsutsa wa lilime lolemera apeze mpata. Madamu anagwira m'mphepete mwa thebulo. Kapu inatsika, dzanja silinakwere ngakhale limodzi. A Chindevu anadina batani kwawoko, ndipo pagalasi la Madamu panatuluka mawu akuti chalowa.

Atatseka laputopu, mofatsa ulendo uno, m'nyumba munali zii. Madamu anatembenukira kwa amuna awo akudziwa chimene chikubwera: mmene besi inapulumutsira msonkhano, mmene iwo anadziwira kuyambira kale kuti a Chindevu ndi munthu wabwino. A Wailesi anakoka mpweya wambiri, anatsegula pakamwa, kenako anayang'ana pathebulo. Anatenga kapu ija, imene tsopano inali yopanda kanthu.

"Nenani, mayi," anatero. "Ndikumva." N'kuiika pakamwa.

Madamu anawayang'ana kaye, osakhulupirira. Kenako anayamba kufotokoza zonse kuyambira pachiyambi, ngakhale amuna awowo analipo: mmene mtima unagundira, mmene funso la do linawaopsera, mmene anamvera mkulu uja atayamba kuimba. Ananena kuti Loweruka likubwerali pakhonde sipakhala mzere, ndipo agona mpaka dzuwa liwawotche. Ananenanso zina zimene zinakhala zikudikira mpata kwa zaka zambiri, zazing'onozing'ono, za makatani a pabalaza ndi za mlongo wawo amene sanamuyendere. Chiganizo chilichonse anachifikitsa okha kumapeto.

Dzanja la a Wailesi linayamba kutopa. Analichirikiza ndi linzake, ndipo kapu sinatsike mpaka Madamu atamaliza.